Galu wa Nesi wa Korona

Kagaluko ndinakatenga kwa mnzanga wina wa kuntchito amene galu wake anaswa ana ambiri mpaka kusowa kowapatsa. Ndinakanyamula m'katoni ya sopo pa kabaza wa njinga yamoto kuchokera ku Chibavi kupita ku Lupaso. Tisanafike n'komwe kanali katang'amba ngodya ya katoniyo n'kutulutsa mutu, kakuuwa aliyense wa m'mbali mwa msewu ngati ali nako mlandu. Wa kabaza anacheuka n'kunena kuti, "Anesi, aka si kagalu. Mwagula injini."

Sananame. Galuyo anakula ndi miyendo italiitali, ubweya wofiirira, khutu lina lili njo, lina lili lende. Kuyenda sankakudziwa, ankangodziwa kuthamanga. Anadya nsapato yanga ya kuntchito, anafukula maluwa onse amene ndinadzala pakhonde, ndipo tsiku lina anathawa ndi chikolopa mpaka kuseri kwa bafa kukachimaliza bwinobwino. Ndinkamukalipira, iye n'kumandiyang'ana mutu uli pendeke, mchira ukusesa pansi. Ndiye ukalipa bwanji? M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito tinkatuluka limodzi m'nkhungu ya ku Mzuzu ija, iye patsogolo, ine pambuyo ndikupuma ngati mvukuto. Akathamanga mokwanira, tsiku lonse ankakhala munthu. Akapanda kuthamanga, ndinkakapeza pakhomo ngati padutsa nkhondo.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Mzuzu ndinabwerera ntchito ya unamwino, ndekhandekha, Chitumbuka changa chothera pa moni. Ndinkakhala m'kanyumba ka lendi kumbuyo kwa nyumba yaikulu ya eni ake, mpanda umodzi, geti limodzi, mpopi umodzi. Bambo eninyumba anali munthu wopuma pantchito amene moyo wake wonse unali pa wailesi ndi nyuzipepala. Wolamula pamalopo anali mayi, a ku Nkhata Bay, mtsogoleri wa amayi a kumpingo kwawo, mawu ngati belu.

Mayiwa galu wanga ankamukonda koopsa. Ankamutchula kuti mlonda wathu. Akakonza nsomba zochokera kwawo, mitu yonse inali yake. Alendo akabwera ankawauza monyadira kuti, "Muno wakuba sangayerekeze, tili ndi mkango." Inenso ndinali nesi wathu. Ankandigogodera nthawi iliyonse, mkono atautambasula kale kuti ndiwayeze magazi. Ankandibweretseranso anzawo a kumpingo, wina mutu, wina bondo, wina kachiphuphu ka pamalo osayenera. Khonde langa linasanduka chipatala chaulere, ndipo pochoka onse ankati, "Yewo chomene, anesi, Mulungu akudalitseni."

Kenako kunabwera korona.

Sukulu zinatsekedwa. Boma linalengeza m'bindikiro, amalonda a mumsika anakwiya n'kudzaza misewu, makhoti nawo anauimitsa. Choncho m'bindikiro wa boma unakhala ngati walephereka. Koma anthu anakonza wawowawo, wosavuta kusunga. Iwo ankapita kulikonse kumene afuna, n'kusankha anthu ochepa oti ndiwo abindikiritsidwe. Oyamba kusankhidwa tinali ife a kuchipatala. Kondakitala wina wa minibasi ataona yunifolomu yanga anatseka chitseko n'kunena kuti yadzaza, chonsecho mipando ikuoneka. Iyeyo masiki yake inali pachibwano, yakuda ngati chigamba cha makaniko, akunyambita chala powerenga chenje.

Nditauzidwa kuntchito kuti ndili m'gulu lokasamalira odwala nthendayo, ndinaona kuti n'ulemu kuwadziwitsa eninyumba. Mayi anabwerera m'mbuyo ngati aponda njoka.

Mawa lake ndinapeza ndowa ya madzi ndi sopo pageti. Ndinakondwa kuti uthenga wa ukhondo wafika, mpaka nditazindikira kuti ndowayo inali yanga ndekha. Ena onse ankangoilambalala. Mayi anandiuza kuti zovala zanga ndisamayanikenso pachingwe cha tonse. Pampopi ndinkayenera kutunga iwo atamaliza, ndipo ndikachoka ankabwera ndi ketulo ya madzi otentha kudzathira pamene ndagwira. Akafuna kundilankhula ankaima pakhonde pawo n'kumakuwa, ngati ndili kutsidya kwa mtsinje.

Zonsezi ndikanazimvetsa akanakhala kuti nthendayo amaiopadi. Inenso ndinkaiopa, kuposa iwo, chifukwa ndinkaiona ndi maso. Koma mayi omwewa sankaphonya maliro. Ankapita kukagona kusiwa m'nyumba yothithikana, n'kubwerako mawu atasasa ndi kuimba. Misonkhano itachepetsedwa kutchalitchi, amayi anzawo anasamukira m'balaza mwawo, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, akuimba mokweza, akumwera tiyi m'makapu ongotsukuluza. Potuluka aliyense ankakweza masiki kufika pamphuno podutsa pakhomo panga, akafika pageti n'kuitsitsanso kuti atsanzikane bwino. Ena mwa iwo ndinali nditawaona zimene amuna awo sanazione, koma tsopano moni wanga ankamuyankha ndi msana.

Galu sanadziwe kuti dziko lasintha. Ankapitabe pakhonde pa mayi kukadikira mitu ya nsomba. Lamulungu lina masana, ndikuchapa, ndinamva kulira kwake, ndipo ndinamuona akubwera mothamanga, msana uli nyowe. Anali atamuthira madzi a sopo. Pambuyo pake panali mayi, foni ili m'manja.

"Anesi, imani pomwepo, musayandikire. Mwamva zimene anena madokotala a kunja?"

"Madokotala ati, mayi?"

"Atitumizira pa gulu la amayi. Akuti agalu ndi amene akufalitsa chomene. Ndiye taganizani, wanuyu amakunyambitani manja mukachoka kwa odwala anu, kenako amabwera kudzagona pakhonde pathu. Bambo kunoku ali ndi shuga. Mukufuna mutiphe?"

Anandiyatsira uthengawo ali patali. Anali mawu a mwamuna wina wosatchula dzina lake, kumbuyo kwake tambala akulira, akufotokoza kuti nthendayi imakhala mu ubweya wa galu ndipo mankhwala ake ndi mandimu, adyo ndi nthunzi ya bulugamu. Ameneyo ndiye anali madokotala a kunja. Ine amene ndinakhala zaka m'kalasi, amene ndinkawayeza magazi mwezi ndi mwezi, mawu anga sanalemere ngati a munthu wa tambala uja. Ndinayesa kuwafotokozera kuti ndimasamba ndi kusintha zovala ndisanachoke kuntchito, komanso kuti choopsa chili m'balaza mwawo osati mu ubweya wa galu. Anandidula.

"Ife timapemphera, anesi. Galu sapemphera. Mumumange."

Ndinayang'ana kwa bambo, amene anali atakhala pampando wawo padzuwa. Anakweza nyuzipepala mpaka kubisa nkhope. Mwamuna wamkulu, wa imvi zake, kubisala kuseri kwa tsamba la masewero, pomwe mpira womwewo unali utaimitsidwa.

Ndinagula unyolo ku msika waukulu m'tauni n'kumumangirira ku mtengo wa mapeyala kuseri kwa kanyumba kanga. Galu wobadwira kuthamanga, pa unyolo. Tsiku loyamba anaganiza kuti ndi masewera. Lachiwiri anayamba kuzungulira mtengo mpaka anakumba njira yozungulira ngati ya ng'ombe yopunthira. Ankakoka, n'kukoka, mpaka ubweya wa m'khosi unasosoka, pakhungu n'kuoneka pofiira. Ankalira kuyambira pamene ndatuluka mpaka pamene ndabwera, ndipo mayi anapeza dandaulo latsopano lakuti galu akusokoneza mapemphero. M'dera lonse dzina lake linasintha. Sanalinso mlonda wathu. Anali galu wa nesi wa korona, ndipo tikamathamanga m'mawa anthu ankapatukira m'tchire ngati kukubwera nyau.

Chimene chinandithyola msana chinali chakuti gulu lathu linauzidwa kuti tikayamba ntchito ku malo a odwalawo sitizibwerera kunyumba. Tizikagona konko kwa masabata, ndipo tikamaliza tikabindikiritsidwenso kwina tisanakumane ndi anthu. Ndinaima pakati pa bwalo n'kupempha mayi kuti azingomuponyera chakudya ndi kumuthirira madzi m'mbale. Ufa ndi bonya ndikanasiya. Sakanafunika n'komwe kumukhudza.

"Yayi, anesi. Ameneyo mupeze kom'siya. Muno ndi mwa anthu."

Ndinaimbira mchimwene wanga ku Ntcheu kuti mwina andiunikire nzeru. Anaseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, dziko lili pamoto inu mukulira galu? Mukwereni naye minibasi ya ku Nkhata Bay, mukamutsitse pa nkhalango, mubwerere. Galu safa ndi njala." Uyu ndi munthu amene pa Khirisimasi anajambulitsa chithunzi atakumbatira galuyo, n'kuchiika pa foni mwezi wathunthu. Mnzanga wina wa kuntchito anandinong'oneza kuti alipo a za ziweto amene amabaya jekeseni yogonetsa osadzukanso, akuti mwachifundo. Ndinaika chithunzi cha galuyo pa foni n'kulemba kuti ndikufuna womusunga. Anthu anatumiza timitima ndi tinkhope tolira tambirimbiri. Timitima sitidyetsa galu.

Kenako mayi eninyumba anandipezera munthu, mkulu wa mpingo kwawo, mwini mashopu m'tauni. Anabwera pa galimoto yaikulu yoyera, atavala masiki ziwiri, magolovesi ndi chigalasi chotchinga nkhope yonse, ngati akupita kukawotcherera geti. Mayi anamulandira ndi manja awiri, mtunda uja ataiwala.

"Ndi mtundu wanji ameneyu? Ndi Jemani?" anafunsa bwanayo ataima patali.

"Ndi wa ku Chibavi, bambo."

"Amaluma?"

"Sanalumepo munthu."

"Aaa, ndiye mwamuononga. Koma akadali wamng'ono, tim'konza. Kwanga kuli kabokosi ka malata kuseri kwa shopu. Masana onse azikhala mmenemo, mumdima, osaona munthu. Chakudya kamodzi, chothira tsabola. Pakatha mwezi ameneyu adzakhala woti ngakhale inuyo simungamuyandikire."

Ananena zimenezi monyadira, ngati akufotokoza za sukulu yabwino imene apititseko mwana. Galu wanga, wopusa mwa chikondi, anali atagona chagada kumapeto kwa unyolo, akupempha kuti amukande pamimba. Bwanayo anatulutsa kabotolo ka sanitaiza n'kumupopera kumaso. Galu anayetsemula, n'kuthawira kuseri kwa mtengo, akupukuta maso ndi mwendo.

"Bambo, pepani mwavutika ulendo. Galuyu sapita kwanu."

"Mukuti bwanji? Ine ndabwera kudzakuthandizani."

"Ndamva. Sapita."

Anakwera galimoto yake akung'ung'udza za ana a masiku ano. Mayi anatsala akundikalipira kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa munthu wolemekezeka, munthu amene anagulira mpingo mabenchi. Ndinawasiya alankhule. Mabenchi ndi abwino, koma ine ndinali nditamva za kabokosi.

Thandizo linachokera kumene sindinaliyang'ane. Kunali mayi wina wamasiye amene ankabweretsa mkaka pa njinga yakapalasa m'mawa uliwonse, kuchokera kunja kwa tauni kumene ankaweta ng'ombe zake. Anali wamtali, wouma thupi, wosakonda zolankhulalankhula. Unyolo usanabwere, galu wanga ankamudikira pageti n'kuthamanga pambali pa njinga yake mpaka pa mphambano, kenako n'kubwerera lilime lili panja. M'mawa wina mayiyu atandithirira mkaka m'botolo limene ndinkasiya pa mpanda, sanachoke. Anaima kutsidya kwa msewu, kansalu ka chitenje kali kukamwa ndi mphuno, akumvetsera kulira kochokera kuseri.

"Mwawuka uli, anesi? Ncheŵe yananga vichi?" Ataona kuti ndasochera, anabwereza m'Chichewa chake chopendekera. "Galu walakwa chiyani kuti mumumange?"

Ndinamufotokozera zonse. Anamvetsera osandidula.

"Ine matendawa ndikuwaopa chomene," anatero. "N'chifukwa chake ndaima kuno. Koma galu sindikumuopa. Ndipatseni ine."

Sindinafune kumunamiza. Ndinamuuza kuti galuyo amadya nsapato, amafukula mbewu, amathamangitsa nkhuku, ndipo samva kuitana akaona chinthu chothawa.

"Nkhuku amagwira?"

"Sanagwirepo. Amangofuna zithawe."

"Ndiye palibe mlandu. Kwathu malo alipo, athamanga mpaka atope yekha. Koma ndinene zoona, nyama kulibe. Adya phala la gaga ndi mkaka wotsala, ngati agalu anzake."

Ndinapempha kuti ndikaone kaye malowo, ndipo sanakhumudwe. Tinagwirizana za Loweruka.

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyandama. Galu ndinamusambitsa, ndinamupaka mankhwala m'khosi, ndinamanga m'thumba mbale yake, chiguduli chimene ankagonera, ndi nsapato ija anaidya theka. Ndinamumasula unyolo n'kumumanga chingwe chofewa. Mayi wa mkaka atamaliza kugawa mkaka wake anatitsogolera akukankha njinga, ife pambuyo. Galu anali pa chisangalalo chosaneneka. Ankakoka chingwe uku ndi uku, kununkhiza chitsamba chilichonse, kulumphira m'zithaphwi, kundicheukira ngati akuti bwanji sitinkabwera kuno kale.

Tinasiya nyumba za mipanda ya njerwa, tinadutsa minda ya mbatata ndi nthochi, mpaka tinafika pa kanyumba ka malata pamwamba pa chitunda. Kumunsi kunali dambo lalikulu la nsenjere, khola la ng'ombe pambali, mitengo ya paini chapatali. Panalibe mpanda. Mayiyo anati masiku oyamba amumanga chingwe chachitali pakhonde kuti azolowere, ndipo madzulo azipita naye kokamweta udzu. Anamuthirira mkaka m'mbale yake yomwe ija. Galu anamwa mopanda ulemu, mphuno yonse m'kati.

Ndinagwada, ndinamugwira makutu onse awiri, loima ndi logwa lomwe. Kenako ndinanyamuka n'kuyamba kutsika chitunda. Atazindikira kuti ndikupita popanda iye anayamba kulira, kulira kumene sindinakumvepo ngakhale pa unyolo. Ndinamva mayiyo akumulankhula motsitsa m'Chitumbuka. Sindinacheuke. Ndinalira njira yonse, masiki mpaka kunyowa, ndipo azibambo ena amene ankamwa mowa pa kagolosale, atathithikana pa benchi imodzi, botolo likuyenda pakamwa ndi pakamwa, anandiloza n'kumaseka kuti nesi wa korona wayamba misala.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi eninyumba akuthira madzi a kolorini pansi pa mtengo wa mapeyala. Anandimwetulira koyamba m'masabata ambiri.

"Mwachita bwino chomene, anesi. Mulungu adzakupatsani wina zinthu zikadzakhala bwino." Kenako analoza unyolo ndi chibwano. "Nanga unyolowu, poti simukuugwiritsanso ntchito? Ndili ndi mbuzi ikubwera kuchokera kumudzi."

Unyolo wa galu wa korona unalibe korona. Ndinawauza kuti atenge.

Za masabata amene ndinakhala ndi odwala aja sindilemba pano, ndi nkhani ina ndipo ndi yolemera. Chimene chinkandipepuza mtima chinali kafoni kakang'ono ka mayi wa mkaka. Ndikamuimbira pa nthawi yopuma ankangoti, "Ali makora, ali bwino, wadya," kenako n'kutembenuzira foni kudambo kuti ndimve kuuwa. Anandiuza kuti anadya nsapato yake ya mphira ya kukhola, ndipo ng'ombe ina inamuphunzitsa ulemu ndi mwendo wakumbuyo.

Tsiku lina anandiuza nkhani imene anayamba waibisa. Atangomumasula chingwe, galu anasowa. Anamufuna kudambo, kumapaini, osamupeza. M'mawa mwake akugawa mkaka ku Lupaso anamupeza atakhala panja pa geti lathu, ali nyowe, akunjenjemera, akuyang'ana chitseko. Woyandikana nafe anamuuza kuti galuyo anafika dzulo lake masana n'kuyamba kukanda geti, ndipo mayi eninyumba anatuluka n'kumugenda ndi zidutswa za njerwa. Anathawa, n'kubwereranso, n'kugendedwanso. Amayi a mapemphero anali m'balaza tsiku limenelo, ndipo akuti nyimbo sinaime. Mayi wa mkaka anamuitana, ndipo galu anamutsatira pambali pa njinga, akutsimphina mwendo umodzi. Sanathawenso.

Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti m'mpanda umenewo sindidzagonamonso. Nditamaliza m'bindikiro wanga ndinapeza chipinda ku Chibavi, pa mdadada wa zitseko zambiri, bwalo lake longokwana chingwe choyanikira. Ndinapita ku Lupaso ndi kalole kakang'ono kukatenga katundu. Mayi anadabwa kwambiri. Anafunsa chimene andilakwira, iwo amene ankanditenga ngati mwana wawo. Anafunsadi ndi mtima wonse, maso ali gwa, ndipo ndinaona kuti kuwayankha kukanakhala kutaya malovu. Ndinapereka makiyi kwa bambo, amene anawalandira osatsitsa nyuzipepala.

Kuchitunda kuja ndinapitako dzuwa litayamba kutentha, misewu itauma. Ndili chapatali ndinaona chinthu chofiirira chikutuluka mu nsenjere ngati mwala wa pa legeni. Anandigunda pachifuwa mpaka ndinakhala pansi m'fumbi. Anali atakula, chifuwa chotambalala, m'khosi ubweya utamera wonse. Anandinyambita kumaso, m'makutu, anazungulira, anabweranso, akulira timawu tating'ono. Ndinamuuza kuti akhale pansi monga ndinkamuuzira kale. Sanamve. Mayi wa mkaka anatulukira kukhola ndi chikwakwa m'manja n'kumuitana m'Chitumbuka mosakweza mawu kuti, "Zanga kuno." Galu anandisiya pomwepo n'kukaima pambali pake.

Tinakhala panja, iye pa mpando wake, ine pa wanga chapatali, tikumwa tiyi wa mkaka wambiri.

"Mwabwera kudzamutenga?" anafunsa, maso ali m'kapu. "Ndi wanu. Mukafuna, sindingakane."

Ndinaganiza za chipinda changa cha ku Chibavi, makhonde ogundana, ana ndi mbaula paliponse. Ndinayang'ana dambo.

"Ayi, amama. Ndangobwera kudzamuona."

"Yewo," anatero, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika.

Dzuwa litapendeka anatenga chingwe chomangira udzu n'kunena kuti ng'ombe sizidikira alendo. Galu anandiperekeza mpaka pa nthochi za kumunsi, n'kuima. Anandiyang'ana, anayang'ana kumtunda, kenako anatembenuka n'kuthamangira kudambo kumene mayiyo anali atayamba kale kumweta.